A Kathumba, Rauta ndi Mapanga Awiri

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo amene pakamwa pakumuyabwa kuti anditsutse adikire ndimalize. Ndikudziwa kuti kusukulu anakuuzani kuti unachokera kwa mlenje wina amene mvula inamupeza kuphiri. Aphunzitsi anuwo analipo? Ine ndinkakhala mzere umodzi ndi mwini nkhaniyi, ku Machinjiri, ndipo mvula ya tsikulo inanyowetsa ndi ufa wanga womwe umene ndinayanika panja. Ikani mafoniwo pansi. Ndaona kale kuti netiweki yakuthawani, n'chifukwa chake mwakumbuka kuti m'nyumba muno muli munthu wamkulu.

Kunali bambo wina, a Kathumba, amene atapuma ntchito ya ukalaliki anamanga nyumba yawo kuchigwa, kuseri kwa phiri. Anali munthu wabwino mtima, sindingawanamizire, koma Mulungu powaumba anaiwala kuikamo kudikira. Akakwera minibasi n'kuona kuti ikuchedwa kudzaza, ankatsika n'kukakwera ina, ndipo yoyamba ija inkanyamuka iwo akuiyang'ana pawindo la yachiwiri. Kuchipatala ankasintha mzere, kuchigayo ankasintha mzere, ndipo kulikonse ankatuluka omaliza, atakwiya.

A Kathumbawa ndiwo anali mwini mbumba kwawo. Tanthauzo lake n'lakuti mwana wa mlongo wawo akapeza banja, mawu akuti "tavomera" ankayenera kutuluka pakamwa pawo, osati pa wina aliyense, ngakhale mayi wobereka mwanayo. Mlongo wawo, a Nambewe, ankakhala kumudzi ku Chiradzulu, koma mwana wawo wamkazi, Tinyade, anakulira m'nyumba mwa a Kathumba kuyambira ali kupulayimale. A Kathumba ankamukonda mtsikanayu mwina kuposa ana awo omwe, ndipo sankabisa.

Tinyade anapeza mnyamata, dzina lake Zikani, amene ankagwira ntchito ku Joni. Vuto linali lakuti akuluakulu onse a kwawo kwa mnyamatayo anali komweko. Wamkulu wawo, malume ake a Zikani, anali a Makwinja, nkhalamba yovuta imene inali itamusankhira kale mnyamatayo mwana wa mnzake wa kumeneko. Zikani atakakamira Tinyade, a Makwinja anayamba kupeza zifukwa. Anati ulendo ndi wautali, miyendo yawo inatha, ndipo mbeta safunsira pafoni ngati munthu akuitanitsa makala.

A Kathumba atamva zimenezi anakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene panali pokhapo pogwira netiweki ya foni kuchigwa konseko, n'kuwaimbira a Makwinja okha.

"Achikulire, musavutike ndi ulendo," anatero. "Kwathu kuno kuli rauta. Tidzaonana pa vidiyo, inu ndi anthu anu uko, ine ndi mbumba yanga kuno, ngati takhala pamphasa imodzi."

"Zinthu zanuzo zimadukaduka," anayankha a Makwinja. "Ine ndikayamba kulankhula sindifuna kudulidwa. Ndidzafunsa monga mwa mwambo, ndipo yankho ndidzalimve kwa inuyo, muli m'nyumba mwanu, mayi a mwana akumva. Zikapanda kutero ndidzadziwa kuti simukutifuna."

"Yanga siduka," anatero a Kathumba.

Anagwirizana Loweruka lina la mu Januwale, masana. Potsika pachulupo a Kathumba ankadziwa kuti anama.

Rautayo inali kabokosi koyera ka nyanga ziwiri, ndipo chingwe chake chinkachokera pamlongoti wa padenga. Inali ndi kanyali kamodzi kamene banja lonse linkakayang'ana ngati nkhope ya dokotala. Kakakhala kobiriwira, intaneti ilipo. Kakafiira, yapita. Tsono matenda ake anali akuti inkafiira nthawi iliyonse imene yafuna, popanda kutsanzika. Sinkakhalitsa. Munthu amatha kumwa madzi, kuika kapu pansi, n'kupeza yabwerera yokha. Koma inkachita zimenezi kangapo patsiku, ndipo palibe ankadziwa kuti iyambanso liti.

Sabata imeneyo a Kathumba anaonda. Anaimbira kukampani imene inawaikira rautayo, ndipo mtsikana wa mawu okoma anawauza kuti azimitse n'kuyatsanso. Ataimbanso, mnyamata wina anati amisiri abwera mawa. Mawa limenelo likubwerabe mpaka lero. Choncho anayamba kuichiritsa okha. Anaikweza pamwamba pa kabati, inafiira. Anaitsitsa pampando, inafiira. Anaganiza kuti ikutentha, anaikupiza ndi chivindikiro cha ndowa. Anaganiza kuti ikuzizidwa, anaifunditsa kansalu koluka ka pawailesi. Nyanga zake anazipinda kuloza ku Ndirande, kenako ku Mapanga, kenako kumwamba kwa Mulungu. Pomaliza anaiika pawindo la pabalaza, akuti ipumeko mphepo.

Choipa kwambiri, ikangofiira ankathamangira kuzula pulagi, ndipo akatero m'pamene inkachedwa kudzuka. Tinyade anawaona kangapo akuchita zimenezi, mpaka tsiku lina anagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Amalume, ndinenepo?"

"Nena, mwanawe."

"Mukangoisiya imabwerera yokha. Mukaigwira m'pamene imachedwa. Loweruka ikafiira mudzangokhala, tidzapepesa kwa alendo, idzabwerera."

"Iwe sukuwadziwa a Makwinja," anatero a Kathumba. "Akufuna kachifukwa kakang'ono basi. Ndikhale manja lende ukwati wako ukupita ndi madzi?"

A Kathumba anaona kuti mwanayo akuchita mantha, ndipo mantha awo anawirikiza. Chakudya chinaleka kutsika. Ankati akakhala pabalaza maso ali pakanyali kaja, akapita kubafa n'kubwerera ali ndi sopo m'khutu kudzaona ngati kakadali kobiriwira.

Lachinayi anaganiza nzeru. Kutsidya kwa kamunda kawo ka chimanga, kupitirira ngalande yodutsa madzi a kuphiri, kunali nyumba ya a Likongwe, amenenso anali ndi rauta, koma ya kampani ina. A Kathumba analumpha ngalandeyo n'kuwapeza a Likongwe akukonza njinga.

"Aneba, yanu ija imaduka?"

"Yanga ayi. Chiikireni sindinaionepo itafiira."

"Mungandibwerekeko pasiwedi, Loweruka lokha?"

"Palibe vuto. Koma Loweruka tonse tikupita ku ukwati ku Lunzu, nyumba titseka. Panja netiweki yake imafika pakhonde pokha, mukangotsika sitepe yatha. Bwanji osangobwera nonse pakhondepo, muyale mphasa, mulankhulane ndi alendo anuwo mtima uli m'malo?"

A Kathumba anaseka mokhumudwa. Mbeta ya mwana wawo ifunsidwe pakhonde la eni, ngati anthu osowa pogona? Nanga kabati wawo wa magalasi, makatani atsopano, mipando imene anachapitsa, zonsezo a ku Joni akazionera kuti? Komanso nkhalamba ija inanena poyera kuti m'nyumba mwanu. Anathokoza, analowetsa pasiwedi m'foni, nati khondelo lidzangokhala pothawira.

Loweruka m'mawa a Nambewe anafika kuchokera ku Chiradzulu, atanyamula nkhuku ndi mwendo wawo wa nyamakazi. Anali mayi wosachedwa kuona chinthu. Atangokhala pansi anaona kuti achimwene awo akulankhula nawo koma maso ali pawindo.

"Achimwene, kachinthu kameneko kali bwino? Mwakayang'ana kuposa mmene mwandiyang'anira ine."

"Kali bwinobwino," anatero a Kathumba. "Ndipo ngakhale katavuta, ndakonzeka. Munthu wanzeru, chemwali, amakhala ndi mapanga awiri. Ili likadontha, amathawira linalo."

"Ine za mapanga sindizidziwa," anatero a Nambewe. "Ndabwera kudzamva inu mukunena mawu amodzi basi."

Dzuwa litapendeka, kumwamba kunayamba kuda cha ku Chiradzulu. A Kathumba anavala suti yawo yakuda ndi tayi, nakhala pampando waukulu kutsogolo kwa kabati. A Nambewe anakhala pamphasa chapambali. Tinyade anali kuchipinda monga mwa mwambo, koma chitseko anachisiya pang'ono. Foni anaiimika patebulo, ataitsamiritsa kuchitini cha shuga. Italira, a Kathumba anaiyankha msanga.

Nkhope ya a Makwinja inaoneka bwinobwino, imvi zonse, ndi amuna ena awiri atakhala kumbuyo kwawo. Kanyali kanali kobiriwira. Anayamba malonje. Inu ana a masiku ano mumati "bho" mwatha, koma a Makwinja anali a kale. Anafunsa za thupi, za mvula, za chimanga, za mwendo wa a Nambewe, za maliro a chaka chatha amene sanathe kubwerako. A Kathumba ankayankha mwaulemu, diso limodzi kwa alendo, lina pawindo, mumtima akupempha kuti nkhalambayo ifike pamutu wa nkhani kanyali kasanasinthe maganizo. Madontho oyamba anayamba kugunda pamalata.

Kenako a Makwinja anakonza pakhosi, nakhala tsonga.

"Tsono, eni mbumba, sitinabwere chabe. Ife kwathu kuno tili ndi tambala, ndipo tambala ameneyu waona..."

Nkhope yawo inauma pomwepo, kukamwa kuli yasa. Kanyali kanali katafiira.

"Akomoka?" anafunsa a Nambewe.

A Kathumba anayang'ana kukhomo. Ankadziwa zimene Tinyade ananena, ndipo anayesetsa ndithu kukhala, koma mpando unkawatentha. Anaona m'maganizo a Makwinja uko akuyang'ana anzawo n'kunena kuti mwaona, ndinakuuzani. Anatsomphola foni patebulo, chitini cha shuga n'kugwa, natulukira pakhomo mvula ikuyamba kulimba.

Anadutsa m'chimanga, analumpha ngalande imene munali timadzi tochepa, nakwera pakhonde la a Likongwe. Foni inagwira nthawi yomweyo, ndipo a Makwinja anatseka pakamwa paja n'kuyamba kuphethira.

"Pepani, achikulire, pitirizani," anatero a Kathumba akupuma mwabefu.

Koma a Makwinja sanapitirize. Ankayang'ana kumbuyo kwa a Kathumba. Poopa mvula, banja la a Likongwe linali litasamutsira chingwe cha zovala pakhondepo, ndipo pamwamba penipeni pa mutu wa a Kathumba panali polendewera kabudula wamkati wa a Likongwe, wotopa ndi zaka, mbali iyi thumba la makala, mbali inayo nkhuku yofungatira mazira m'beseni.

"Kodi mwasamuka?" anafunsa a Makwinja. "Kabati uja wapita kuti? Nanga mayi a mwana ali kuti?"

"Ali pafupi, achikulire."

"Ine sindikuwaona. Ndinati m'nyumba mwanu, mayi a mwana akumva. Sindingafunsire mbeta pansi pa chovala chimenecho."

A Kathumba anachita manyazi mpaka kumapazi. Atayang'ana kutsidya anaona pawindo la kwawo kadontho kobiriwira. Rauta inali itabwerera kale, mwina iwo asanalumphe n'komwe ngalande. Anapepesa, anabisa foni m'jekete, nathamanganso.

Anafika pabalaza suti itanyowa m'mapewa, nsapato zitanyamula theka la munda. Anakhala pampando, anaimika foni, nadikira kuti igwire. A Makwinja anaonekanso, nkhope itakwinyika tsopano.

"Popeza mwalowanso m'nyumba, tiyambirenso," inatero nkhalambayo. "Mwaswera bwanji kumeneko?"

Ndikuuzani, ana inu, a Kathumba anafuna kulira. Malonje anayambiranso pachiyambi, thupi, mvula, chimanga, mwendo wa a Nambewe. Sindikudziwa ngati a Makwinja ankachitira dala, koma ndikuganiza choncho. Mvula inali italimba pamalata moti ankachita kuwerama kuti amve. Mpweya wa a Kathumba unkatuluka waufupiufupi, ndipo ankayankha asanamalize kufunsidwa.

"Tsono monga ndimanena," anatero a Makwinja pomaliza, "tambala wathu waona msoti pakhomo panu. Ndiye atituma kuti..."

Kanyali kanafiira.

"Amalume, khalani," anatero Tinyade chapansipansi ali kuseri kwa chitseko. "Chonde khalani."

A Nambewe, amene tsopano anali atamvetsa masewerawo, anagwira jekete la achimwene awo kumbuyo. "Achimwene, khalani pansi. Munthu sadzuka mkulu akulankhula."

A Kathumba anakhala. Anayang'ana kanyali, kanyali kanawayang'ana. Kwa wina aliyense inali nthawi yochepa, yosakwana n'kumanga chingwe cha nsapato, koma kwa iwo chimanga chinamera n'kucha. Bwanji ngati ulendo uno siibwerera? Bwanji ngati mvula yagwetsa mlongoti? Kutsidya kuja kuli netiweki yosaduka, ingodikira munthu. Anavula jekete n'kulisiya m'manja mwa mlongo wawo, natuluka ndi foni.

Ulendo uno ngalande inali itadzaza theka, madzi ofiira akuthamanga. Polumpha, nsapato yakumanzere inatsalira m'matope ndipo madzi anaitenga. Anafika pakhonde ali ndi malaya okhaokha omatirira pathupi, tayi ili paphewa, phazi limodzi lili ndi sokosi. Nkhuku ija inawayang'ana n'kusuntha m'beseni mwake.

Foni itagwira, a Makwinja anawayang'anitsitsa. Amuna awiri aja kumbuyo anali ataweramitsa mitu.

"Bambo Kathumba," inatero nkhalambayo, mawu ali pansi, "ine ndakalamba, ndipo mbeta ndafunsirapo zambiri. Ena anandikana, ena anandivomera, koma sindinaonepo mwini mbumba amene ndikangotchula tambala amadzuka n'kundionetsa chibwano chake ndi mitambo. Ngati simukutifuna, nenani. Sitikakamiza."

"Tikukufunani, achikulire. Ndi rauta chabe."

"Munati yanu siduka."



"Ndifunsa kamodzi kokha, komaliza," anapitiriza a Makwinja. "Khalani pamalo amodzi, mayi a mwana ali pambali panu. Ndikafunsa n'kusayankhidwa, nkhani yatha."

Apa m'pamene mutu wa a Kathumba unasokonekera. Pakhonde pano panali netiweki, koma panalibe a Nambewe, ndipo ndi mwendo wawo uja sakanalumpha ngalande. Kunyumba kunali a Nambewe, kabati ndi ulemu wonse, koma kunalinso kabokosi kosadalirika kaja. Anayang'ana kutsidya. Mvula inali itachita chinsalu, koma anaona ngati kadontho kobiriwira. Anatsika sitepe nathamanga.

Atalumpha ngalande n'kulowa m'chimanga, anapukuta madzi kumaso nayang'ananso. Tsopano kadontho kaja kanaoneka ngati kofiira. Kapena chinali kansalu ka katani? Sanathe kudziwa. Anaima. Akapita kunyumba n'kupeza kofiira, nkhalamba ifunsa iwo kulibe. Bola pakhonde, akapemphe kuti adikire. Anatembenuka, analumphanso ngalande, madzi akuwamenya m'mawondo. Asanafike pasitepe anacheuka, ndipo kadontho kanali kobiriwira, kowala bwino lomwe. Anatembenukanso.

Ine ndinkawaona ndili pakhomo panga, nditasiya ufa wanga ukunyowa. Munthu wamkulu, wa ulemu wake, akupita uku, akubwerera, akupitanso, foni ataikweza m'mwamba ngati akuipereka nsembe, mvula ikumukhuthukira. Ndinaseka, sindikana, koma chisoni chinandigwiranso, chifukwa nkhope yawo inali ya munthu amene akumira.

Kenako zinthu ziwiri zinachitika pamodzi. Foni, imene inali itamwa madzi okwanira, inathima. Ndipo madzi a kuphiri anafika onse nthawi imodzi, ngalande ija n'kusanduka mtsinje wonyamula zinyalala, nthambi ndi ndowa ya munthu wina. A Kathumba anali tsidya la a Likongwe. Anagwedeza foni, anaipukuta ndi tayi yonyowa, anaiuzira mpweya, koma inangokhala bii.

Ali choncho anamva ngati wina akuwaitana. Pakhomo la nyumba yawo panali Tinyade, atasiya mwambo wobisala kuchipinda, akukupiza dzanja. Mawu ake mvula inkawameza, koma m'dzanjamo munali foni yake, ikuwala. A Kathumba anamvetsa. Zikani, poona kuti foni ya a Kathumba yafa, anali ataimbira ya Tinyade, ndipo inali itagwira pa rauta ya m'nyumba. Alendo anali m'nyumba mwawo, iwo eni nyumba ali kutsidya.

Kulumpha kunali kosatheka. Njira yokhayo inali yozungulira kumsewu, kukawolokera pakamlatho ka pafupi ndi chigayo. A Kathumba anathamanga ngati sanathamangepo chibadwire, phazi lina nsapato, lina sokosi, akuterereka, akudzuka, akupemphera mokweza kuti nkhalamba ija iyambirenso malonje, ifunse za chimanga, ifunse za maliro, ifunse chilichonse. Anthu obisala mvula pachigayo anawapatsa moni, iwo osayankha. Chifuwa chinkawawotcha, ndipo pakamwa pawo mawu aja anali okonzeka kale, akungoyembekeza khutu lowamva.

Anakankha chitseko cha pabalaza madzi akuchucha thupi lonse. A Nambewe anali pamphasa, atagwira foni ya Tinyade ndi manja awiri, ataiyang'anitsa kumpando waukulu umene panalibe munthu. Mawu a a Makwinja ankamveka bwinobwino, osadukiza ngakhale pang'ono.

"...tadikira mokwanira, mayi. Inu sitikukuimbani mlandu, mawuwa si anu. Koma kukhala chete nakonso ndi yankho. Tsalani bwino."

"Tavomera!" anakuwa a Kathumba ali pakhomo. "Achikulire, tavomera!"

Foni inali itada kale. Anailanda, anaimba, inalira mpaka kuleka. Anaimbanso, osayankhidwa. Nkhalamba ija inali itapeza chimene inkafuna, ndipo inachipeza pamaso pa mboni, moti ngakhale Zikani analibe poyambira kuitsutsa.

M'nyumbamo munangoti zii, kupatula mvula pamalata ndi madzi odontha kuchokera m'thalauza la a Kathumba. Tinyade anatola foni yake mwaulemu, osayang'ana munthu, nalowa kuchipinda. Ulendo uno chitseko anachitseka chonse. A Kathumba akanakonda mwanayo akanawakalipira. Anaima pakati pa balaza, osayerekeza kukhala pampando umene anachapitsa, nayang'ana pawindo. Kanyali kanali kobiriwira.

"Kanabwerera liti?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Musanafike n'komwe m'chimanga," anatero a Nambewe. "Jekete lanu lidakali lofunda m'manja mwangamu. Ndipo chibwererereni sikanafiirenso. Nkhalamba yafunsa bwinobwino, mawu onse ndawamva, tambala, msoti, zonse. Yafunsa mpando wanuwu. Ine ndinali ndi yankho pakamwa, koma si langa. Ndimangoyang'ana kukhomo."

"Ndimafuna kuti zisalephereke, chemwali. N'chifukwa chake ndinakonza kuwiri."

A Nambewe anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kusokosi ija. Anali mayi wolusa, ndipo ndinkayembekeza kuti mawu awo amveka mpaka kwathu, koma sanakweze mawu. Anapinda jekete lija bwinobwino, analiika pampando wopanda munthu uja, nadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo kuti apite kwa mwana wawo.

"Mukanakhala ndi limodzi, achimwene, mukanakhalamo," anatero. "Lodonthalo likanakunyowetsani phewa lokha. Koma taonani mmene mulili."

Atafika pachitseko cha chipinda anacheuka, ndipo mawu amene ananena pamenepo ndi amene anatuluka m'nyumbamo, nadutsa pachigayo, nakwera minibasi, mpaka anafika kusukulu kwanu kumene anawapezera mlenje ndi phiri.

"Mapanga awiri avumbwitsa."